Ndithandizeni: kusakaniza nyimbo ya Elgar ndi nyimbo zovina

Akuluakulu amene mumadziwa za nyimbo, ndikupempha nzeru. Andipatsa ntchito yoika nyimbo pa mwambo wa ophunzira omaliza maphunziro, ndipo akufuna alowe ndi Pomp and Circumstance March No. 1 ya Edward Elgar, ija ya 1901. Akangokhala pansi, ndilowetse nyimbo yovina popanda kudukiza.

Vuto loyamba ndi key, gulu la manoti limene nyimbo yakhazikikapo. Key yaikulu ya nyimboyi ndi D major, yomwe ndi 10B pa Camelot, njira imene ma DJ amapatsira ma key manambala. Koma gawo lodekha lija, limene anthu amayendera, limayamba kumveka mu G major, 9B, ndipo limadzabwerera mu D major chakumapeto. Pulogalamu yanga yosakanizira nyimbo imangolemba key imodzi. Kodi nditsate key ya gawo limene ndikutulukirapo? Ndikatulukira pa G major, nyimbo ya E minor, 9A, ingagwirizane bwino?

Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi liwiro. Oimba a orchestra satsata metronome, kachipangizo kosunga liwiro limodzi. Wotsogolera amakoka apa, nkuthamangitsa apo. Ndikaika beat grid, mizere yosonyeza kugunda kwa nyimbo mu pulogalamu, imagwira poyambirira pokha, kenako ng'oma za nyimbo yachiwiri zimayamba kugundana ndi malipenga. Ndikakoka nyimbo ya Elgar kuti liwiro lifanane, mavayolini amamveka ngati akunjenjemera, ndipo ulemu wonse wa nyimboyo umathawa. Zimenezo sindikufuna, makolo amadikira tsikuli zaka zambiri.

Kodi ndikonze grid pamanja, bar ndi bar (kagawo ndi kagawo), kapena ndidikire chord yomaliza, manoti omveka pamodzi kumathero, ndiyambire pomwepo nyimbo inayo? Amene munachitapo zimenezi, munatulukira pati?