Agogo akuti mkazi wawo si mkazi wawo, ndipo Haldol wawaumitsa

Clinical officer (CO) wa OPD: Anzanga thandizeni msanga. Bambo wa zaka 68, sanadwalepo matenda a maganizo. Milungu itatu tsopano akunenetsa kuti mayi amene ali m'nyumba si mkazi wawo, ati ndi wina wongofanana naye, nkhope yomweyo, chitenje chomwecho, koma weniweni anachita kubisidwa. Ana onse akuwazindikira. Nsima yophika mayiyo sakudya. Chodabwitsa n'chakuti mayiyo akaimba foni amacheza nawo bwinobwino, mpaka kuwafunsa kuti abwera liti. Ku health centre anawayambitsa haloperidol (Haldol, mankhwala a misala) 5 mg kawiri pa tsiku ndi Artane (wochepetsa kuuma kwa thupi). Lero akwanitsa masiku asanu akumwa mankhwalawa, abwera atauma thupi lonse, dovu likutuluka, agwa kawiri. mRDT (malungo) negative, RBS (shuga) 6.1, BP 110/70, temp 36.8. Abale akuti mawa apita nawo kwa sing'anga. Risperidone, mankhwala ena a misala, tilibe. Ndichotse chiyani, ndisiye chiyani?

Sista wa psych: Achimwene, imeneyo ndi Capgras, kukhulupirira kuti munthu wapamtima wasinthidwa ndi wina wofanana naye, koma dzinalo lisakukhutitseni chifukwa ndi chizindikiro chabe, matenda ake muwafufuze. Munthu woyamba izi ali ndi zaka 68 timayamba taganiza za ubongo, schizophrenia pambuyo. Imitsani haloperidol lero lomwe. Artane nayenso achoke, amasokoneza mutu wa okalamba komanso amatseka mkodzo kwa abambo a prostate. Temp muziyeza maola 4 alionse. Thupi likatentha, thukuta, BP yokwerakwera ndi kutsika, mkodzo wakuda ngati tiyi, imeneyo ndi NMS (neuroleptic malignant syndrome, vuto loopsa lobwera ndi mankhwala ngati haloperidol), drip ndi referral nthawi yomweyo.

Wa mobile clinic: Delusion, kukakamira kukhulupirira zosaona, ndi delusion basi. Abalewo mwamva kale kuti akupita kwa sing'anga, mapiritsi sakamwa. Kuumako kukatha apatseni Modecate (jakisoni wa depot, wokhalitsa m'thupi) 12.5 mg test dose, mudzawaone pakatha milungu iwiri.

Registrar: Ayi bwana, Modecate asayandikire. CO, funsani mayiwo zinthu izi pawokha. Kodi bambowa amaona anthu kapena tiana tikuyenda m'nyumba pamene palibe? Kodi pali maola amene amakhala bwinobwino, kenako n'kungoti duu osadziwa kumene ali? Kodi usiku amamenya kapena kukuwa ali m'tulo ngati akuchita zimene akulota, mwina kwa zaka? Kodi anayamba kuyenda mokwekwesa mapazi asanamwe Haldol? Mukapeza ziwiri mwa izi, ganizani za dementia ya Lewy bodies, matenda a ubongo oiwalitsa okalamba. Capgras imapezeka kawirikawiri pa matendawa, ndipo odwala ake sapirira ma antipsychotic (mankhwala a misala) akale ngati Haldol ndi Modecate, ena amafa nawo. Kuuma kwa masiku asanu okhaku kukundikayikitsa kale. Piritsi mukhoza kuliimitsa, koma jakisoni wa depot akalowa amakhala m'thupi milungu ingapo, simungamutulutse.

Sista wa psych: Onjezani VDRL (chindoko), HIV, FBC (magazi), dipstick ya mkodzo, creatinine (impso) ngati lab ikutha. Chindoko cha mu ubongo chimaiwalika kwambiri. Akapezeka ndi HIV, yezani CD4 ndi CrAg (yofufuza cryptococcus, yoyambitsa meningitis). Auzeni atchule masiku a pa sabata chobwerera m'mbuyo, m'mawa ndi madzulo. Akamasochera, muli ndi delirium, kusokonezeka mutu kwadzidzidzi kobwera ndi vuto lina m'thupi, funani chimene chayambitsa. Funsaninso za kugwa ndi kumenyetsa mutu miyezi itatu yapitayi, mowa, khunyu, ndi kufooka kwa dzanja kapena mwendo wa kumanzere, chifukwa nthawi zambiri vutoli limachokera mbali ya kumanja ya ubongo. Zikapezeka zimenezo ndi CT (sikani ya mutu) ku Queens kapena ku KCH, osadikira.

Wophunzitsa ma clinical officer: Za foni zija musazitaye, zikugwirizana ndi zimene zinalembedwa. Hirstein ndi Ramachandran mu 1997 anafotokoza za mnyamata amene anavulala mutu pa ngozi ya galimoto. Akawaona makolo ake ankati ndi anthu onamizira, koma pa foni ankawavomera. Ellis ndi Young mu 1990 anati diso limaizindikira nkhope, koma kachikoka kamene mtima umamva ukaona wako kamakhala kataduka. Pambuyo pake atayeza thukuta la pakhungu, odwala Capgras sankasintha poona nkhope ya munthu wodziwika kapena ya mlendo. Ndiye munthu amaona mkazi wake koma mtima uli zii, n'kutsimikiza kuti ameneyu ndi wina. N'chifukwa chake imagwera munthu wapamtima kwambiri. Joseph Capgras ndi Reboul-Lachaux anailemba ku France mu 1923, za mayi amene ankati mwamuna wake wasinthidwa kambirimbiri. Musaisokoneze ndi Fregoli ya mu 1927, imene wodwala amati anthu osiyanasiyana ndi munthu mmodzi yemweyo akungosintha nkhope kuti amuzunze.

Wa mobile clinic: Mbiri yonseyo ndi yabwino m'kalasi. Kumudzi kulibe CT. Bamboyu akadzatema mkazi wake ndi chikwanje mudzati bwanji? Ine ndikuti depot, ngakhale theka la dose.

Sista wa psych: Pa chikwanjepo mwalasa, pa depot ayi. Afunseni bambowa mosabisa: munthu ameneyu mukuganiza kuti akufuna kukuchitani chiyani, nanga inu mwaganiza zomuchita chiyani? Akatchula poizoni, kapena kuti ameneyu ndiye anapha mkazi wawo weniweni, ngoziyo ndi yaikulu, agonekedwe. Gadiyani akhale mwana wamwamuna amene akumuzindikira, osati mayiwo. Kunyumba zikwanje, nkhwangwa, makasu ndi mipeni zichoke, mayiwo asagone nawo chipinda chimodzi. Chakudya azipereka mwana.

Ndipo abale muwaletse kukangana nawo. Kuwaonetsa zithunzi za ukwati kapena kuwakalipira kuti "si amayi awa?" kumangowatsimikizira kuti banja lonse lili m'chiwembu. Mayiwo aziyamba kulankhula ali panja asanaonekere, alowe akulankhulabe. Akakanidwa atuluke mwakachetechete, adzabwerenso pakapita mphindi zingapo. Kwa ena zimathandiza, kwa ena ayi, koma sizipweteka munthu.

Social worker: Pali ngozi ina imene simunaitchule. Bambo wolemekezeka akamauza mudzi kuti mayi uyu si munthu weniweni, ndiye sing'anga n'kuvomereza, amene atchedwe mfiti ndi mayiwo, ndipo tikudziwa zimene zimachitikira okalamba akatchulidwa ufiti. Muitane ankhoswe ndi ana lero, muwafotokozere kuti ndi matenda a ubongo ndipo mayiwo sanalakwe kanthu. Witchcraft Act ya 1911 ikuletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limafika mochedwa. Za sing'anga musawanyoze, angathawe naye usiku. Apempheni kuti ayambe adikira zotsatira za magazi, komanso asamumwetse zitsamba pa nthawi ino.

Registrar: Za mankhwala, masiku awiri atatu oyambawa musapereke antipsychotic iliyonse, muone thupi likumasuka. Chlorpromazine ayi, igwetsa BP ndipo agwa kale kawiri. Diazepam chimodzimodzi. Ikakhala Lewy, chimene chimathandiza ndi donepezil 5 mg usiku, mutayeza pulse kaye chifukwa amachedwetsa mtima. Zikavuta zedi, quetiapine 12.5 mg, ngati abale angakwanitse kugula ku pharmacy. Risperidone nayenso amaumitsa odwala a Lewy, musamufunefune ngati ndiye yankho. Lembani m'health passport ndi zilembo zazikulu kuti haloperidol anawaumitsa, kuti wina asadzabwereze.

Wa mobile clinic: Donepezil mumupeza kuti ku boma? Tizinena zimene zili pa shelefu. Modecate alipo.

Sista wa psych: Kupezeka pa shelefu sikusintha zimene angachite m'thupi la bamboyu. CO, temp ya masana ano ili pati? Nanga akukodza?