Tipite ku Katete kapena tiyambe kuseri kwa tchalitchi? Ndithandizeni nzeru

Moni nonse abale ndi alongo. Ndimatsogolera achinyamata pa mpingo wathu kuno ku Chipata, dzina la mpingo ndisatchule. Chiyambire Epulo takhala tikusonkha ndalama za ulendo wa masiku 5 wokalalikira kumudzi wina wa ku Katete pa holide ya Ogasiti. Tilipo 24. Anyamata anaumba njerwa, atsikana anagulitsa zitumbuwa pa msika wa Kapata, enafe tinagwira ganyu yokolola chimanga. Tapeza K7,000 ya Canter, ufa, kapenta ndi mafuta a jenereta.

Lamlungu lapitali agogo ena, mkulu wa mpingo, anatifunsa pamaso pa onse chifukwa chake tikudumpha makomboni a Mchini ndi Navutika, pomwe kuseri kwa tchalitchi chathu kuli ana amene sanapondepo ku Sande sukulu. Achinyamata anakhumudwa. Ine ndinangokhala chete, chifukwa mtima unanditsutsa.

Chaka chatha tinapita dera la Chadiza. Tinaonetsa kanema pa nsalu, tinagawa salaula, anthu anakweza manja ambirimbiri, ife tinabwerako tikuimba njira yonse. Mu Disembala ndinapitakonso kumaliro. Ndinapeza agogo awiri okha akupemphera pansi pa mtengo wa mango, opanda owawerengera Baibulo. Ena anangondifunsa ngati ndabweretsa zovala. Nkhaniyi sindinauzepo gulu mpaka lero.

Ndiye nditani? Ndikaletsa ulendo, ana amene anapsa ndi dzuwa pa njerwa adzandiona ngati ndawapusitsa.

Mayankho

Mayi wa chigwirizano, Katete: Mwanawe, choyamba yang'ana tsiku. Kumapeto kwa Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika, ndipo midzi yambiri imakhala ili pa kalikiliki. Achewa ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mukafika sabata imeneyo mudzalalikira nkhuku. Chachiwiri, musatsitse masipika musanaonekere kwa amfumu. Ndipo uwalangize anyamata ako, asakatukwane gule pa maikolofoni. Tinaona gulu lina likulongedza katundu usiku chifukwa cha pakamwa pa mnyamata mmodzi.

Mphunzitsi wopuma, Kalongwezi: Agogo amene anakufunsani aja sanalakwe, koma si kuti ulendo ndi woipa. Amishoni a Dutch Reformed atafika pa Magwero mu 1899 sanakhale masiku 5 nkubwerera. Anakhazikika, ndipo sukulu za akhungu ndi ogontha zilipo pa Magwero mpaka lero. Funso langa kwa inu ndi ili: Canter ikanyamuka, adzatsala ndi anthuwo ndani? Ngati kumudziko kuli kale nyumba ya mapemphero ndi mlaliki, pitani mukagwire pansi pa iye, ngakhale kukamuthandiza kufolera denga. Ngati kulibe, mukubwereza za Chadiza.

Mnyamata wa njinga, Navutika: Ine ndinene mosabisa. Magulu a tchalitchi amatidutsa pano ndi ma T-shirt ofanana kupita kutali, chifukwa kumudzi kuli zithunzi zabwino za pa Facebook. Kuno mukuopa chiyani? Mukuopa kuti timakudziwani. Kumudzi ukhoza kukhala woyera sabata imodzi, koma pano tikuonani Lolemba pa msika.

Mlongo wina: Achimwene a njinga mwalasa, koma musanyoze onse. Ine ndinaphunzira kupemphera pagulu paulendo ngati umenewu, ndikugona pa mphasa m'kalasi. Ulendo umasula achinyamata eni ake. Kungoti tisamanamizane kuti tatembenuza mudzi.

Namwino: Mukapita nyamulani maneti ndi Chlorine wa m'madzi akumwa. Atsikana agone kwaokha ndi amayi awiri achikulire, ndipo makolo a osakwana zaka 18 alembe chilolezo. Salaula musiye kwa akulu a mpingo wa komweko, adzagawe mutachoka.

Wofunsa: Zikomo nonse. Achimwene a ku Navutika, mawu anu andiwawa koma sindingawakane. Ndaimbira abusa a dera la ku Katete lija, akuti mlaliki alipo, amayenda pa njinga midzi inayi, ndipo khoma la nyumba yopemphereramo linagwa ndi mvula. Ndikuganiza zodula ulendo kukhala masiku 3 kumayambiriro kwa mwezi, tikaumbe njerwa za khomalo, ndalama yotsala tiyambire kalasi ya ana Loweruka lililonse ku Mchini. Chondivuta tsopano ndi kuimirira pamaso pa gulu Lachisanu ndi kuwauza za agogo awiri aja. Ndiyambe ndi komiti kapena ndiuze onse pamodzi?

Mayi wa chigwirizano, Katete: Yamba ndi agogo amene anakufunsa aja. Upite kunyumba kwawo, osati pa foni.