Anatenga madesiki 80, kulipira akukana: ndikasume kapena ndifune mkhalapakati?

Kalipentala77

Moni nonse. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo miyezi isanu tsopano, ndipo ndikufuna kumva kwa amene anadutsamo.

Ndine kalipentala, ndili ndi wekishopu ya anyamata 7, timapanga mipando ndi madesiki a m'maofesi. Pali kampani ina, dzina ndisunga, imene ndaipangira katundu kwa zaka 6, ndipo kunena chilungamo ndi iyo inandifikitsa pomwe ndilipa. Chaka chatha inandipatsa oda ya madesiki 120 a madrowa atatuatatu. Anapereka dipoziti ya 40 peresenti, n'kugwirizana kuti ndizipereka madesiki 40 ulendo uliwonse, iwo azilipira ndikatula. Ulendo woyamba ndi wachiwiri ndinakatula, analandira, anasaina, palibe anatsokomola. Nditatumiza invoisi, kunangoti zii. Patatha masabata 6 m'pamene imelo inabwera: akuti vanishi ndi woderapo kuposa wa pa sampulo, madrowa ena akulimba potsegula, ndipo 40 otsalawo ndisabweretse. Pano madesikiwo adzaza wekishopu, anyamata akuchita kuyenda cham'mbali ngati nkhanu.

Za madrowa ndikuvomera. Ndinapita kukaona, 9 analidi olimba, thabwa linali lisanaumitsitse ndiye linafufuma. Ndi ntchito ya tsiku limodzi ndi puleni. Koma za vanishi ayi, chitini chake n'chimodzimodzi, chotsala ndikadali nacho. Mukawerengera, dipoziti ija ikukwana madesiki 48 okha, kutanthauza kuti 32 akulembera ulele.

Loya wandiuza kuti tiwalembere kalata ya masiku 14, akapanda kulipira tikasume. Koma sanandibisire kuti mlandu ungathe kudya chaka kapena kuposa, komanso kuti kontirakiti yeniyeni palibe, ndili ndi kotesheni yosainidwa ndi mauthenga a pa WhatsApp basi. Mayi a kunyumba akuti ndifune mkhalapakati. Mantha anga ndi awiri. Ndikayamba ine kupempha zokambirana, sadzaona ngati ndagwada? Nanga mkhalapakatiyo ali ndi mphamvu yowakakamiza kulipira?

Mayi wa Mathiraki

Achimwene, pepani ndi zimenezi. Funso lanu loyamba ndiyankhe mwachidule: wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Amene ali ndi madesiki 40 ndi anyamata 7 odikira malipiro ndinu. Iwo akhala phee pa madesiki anu. Mukadikira kuti ayambe iwo, mudzaotha chaka.

Ine ndimanyamula katundu wa anthu pa mathiraki awiri. Zaka zinayi zapitazo matailosi a kasitomala wanga wamkulu anasweka m'njira, mabokosi ambiri ndithu. Iwo anati dalaivala wanga amathamangitsa galimoto, ine ndinati anyamata awo anapakira mosasamala, osaika chilichonse pakati pa mabokosi. Anagwira ndalama za maulendo asanu, kuphatikiza anayi amene katundu anafika bwinobwino. Tinatumizirana makalata aukali miyezi itatu, mpaka mlongo wanga amene amandisungira mabuku anandionetsa kuti zimene ndalipira kale kwa loya zikukwana matayala awiri atsopano, mlandu usanayambe n'komwe.

Tsiku la zokambirana tinayamba tonse m'chipinda chimodzi, aliyense kunena zake popanda kudulidwa. Zinali zowawa kumva, ndinagwira m'mphepete mwa tebulo mpaka zala kuchita dzanzi. Kenako mkhalapakati anatigawa, ine chipinda china, iwo china, iye n'kumayenda uku ndi uku ndi kabuku kake. Lamulo lake linali loti chimene ndamuuza kumbali sakanena kwa anzangawo pokhapokha nditamulola. Atabwera kachiwiri anandifunsa kuti, “Mayi, tiyerekeze mwawina mlanduwu. Lolemba lake mathiraki anu adzanyamula katundu wa ndani?” Ndinasowa chonena, chifukwa theka la maulendo anga linali la anthu omwewo.

Cha m'ma 3 koloko m'pamene chenicheni chinatuluka, manijala wa kasitomalayo atavomera kuti ndiuzidwe. Manijala uja sanalipire inshuwalansi ya katunduyo, ndipo amaopa kuti bwana wake akadziwa, ntchito yatha. Sikuti amafuna ndalama zanga. Amafuna pepala loonetsa kuti kuluzako tagawana. Ndiye tinagwirizana kuti ndiwanyamulire maulendo awiri osandilipira, iwo alipire maulendo asanu aja katatu m'miyezi itatu, ndipo kuyambira pamenepo dalaivala wanga azijambula mmene apakirira asananyamuke. Kukhothi palibe woweruza akanalamula maulendo aulele kapena zithunzi, iye amangoona kuti walakwa ndani, alipire zingati.

Tsono nkhani yanu ikundinunkhira chimodzimodzi. Munthu amene wanyansidwa ndi mtundu wa desiki amanena tsiku lomwelo, sadikira masabata 6 invoisi itafika. Vanishi ndi chophimba chabe. Mwina ndalama zawathera, mwina ofesi imene madesiki 40 amakalowa sinatsegulidwe, mwina kwabwera bwana watsopano. Fufuzani chimenecho kaye.

Mlembi wa kwa Loya

Bambo, ine si loya, koma ndalemba ndi kusunga mafayilo a milandu ya ngongole kwa zaka zambiri, ndiye ndiyankhe funso lanu lachiwiri. Ayi, mkhalapakati sakakamiza munthu. Saweruza, sagamula, ndipo aliyense akhoza kuimirira n'kutuluka nthawi iliyonse. Anthu ambiri amasokoneza ndi arbitration, imene ili njira ina: kumeneko mumasankha munthu woti akuweruzeni kunja kwa khothi, chigamulo chake chimakumangani, ndipo mpata wochita apilo ndi wochepa kwambiri. Ya mkhalapakati mphamvu yake ili pa pepala limene musaine pomaliza. Likalembedwa bwino n'kusainidwa, ndi kontirakiti. Akaliphwanya mumakasuma pa pepalalo, osatinso pa vanishi ndi mauthenga a WhatsApp, ndipo mlandu wotero ndi wopepuka. Kwa inu amene mulibe kontirakiti yolongosoka, phindu lake n'lalikulu. Ngati mlandu unali utalowa kale kukhothi, m'mayiko ambiri mgwirizanowo ukhoza kulembedwa ngati lamulo la khothi.

Za kugwada musadandaule. Ku England, kuyambira ndi mlandu wa Halsey mu 2004, amene wakana mkhalapakati popanda chifukwa chomveka akhoza kulangidwa pa ndalama zolipirira mlandu ngakhale atawina. Mu 2023, pa mlandu wa Churchill ndi khonsolo ya Merthyr Tydfil, khothi la apilo linanena kuti woweruza akhoza kuimitsa mlandu n'kulamula anthu kuti akayese kaye njira zina zothetsera mkangano. Pa malonda a pakati pa mayiko, zigamulo za arbitration zakhala zikulemekezedwa kudzera m'pangano la ku New York la 1958, limene mayiko oposa 160 analowamo. Migwirizano ya kwa mkhalapakati inalibe chotere mpaka pangano la ku Singapore, limene mayiko 46 anasaina pa 7 August 2019, kuphatikizapo United States, China ndi India, n'kuyamba kugwira ntchito mu September 2020. Inu silikukukhudzani poti nonse muli m'dziko limodzi, ndangotchula kuti muone kuti makampani akuluakulu sachita nazo manyazi.

Koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi pakamwa panu. Kalata iliyonse imene mukunenamo kuti “ndikhoza kuchotserako zakuti” ilembedwe pamwamba kuti “without prejudice”. M'mayiko amene malamulo awo anachokera ku England, mawu amenewa amathandiza kuti zimene mwalolera pofuna kugwirizana zisadzawerengedwe kukhothi ngati umboni woti munavomera kulakwa. Musanayambe zokambirana, nonse musaine kuti zonenedwa m'chipindamo ndi zachinsinsi.

Wachiwiri ndi nthawi. Timati mlandu suola, koma kukhothi umaola ndithu. Dziko lililonse lili ndi malire a zaka zimene munthu angasumire ngongole, ku England ndi zaka 6 pa kontirakiti wamba, ndipo kumeneko kungokambirana sikuimitsa wotchi imeneyi. Inu mukadali kutali, komabe funsani loya wanu tsiku lenileni. Kumeneko ku England, wangongole akavomera ngongole polemba n'kusaina, kapena akalipirako pang'ono, zaka zimayambiranso kuwerengedwa, ndiye kapepala kovomera n'kamtengo wapatali.

Loya wanu musamutaye. Akatswiri a zokambirana a ku Harvard mu 1981 anatchukitsa mawu akuti BATNA, kutanthauza njira yabwino koposa imene watsala nayo zokambirana zikakanika. Yanu ndi iwiri: kusuma, ndi kugulitsa madesiki 40 aja kwa munthu wina. Khalani pansi ndi cholembera, muwerengere kuti mukasuma n'kuwina patatha chaka mudzatsala ndi zingati mutachotsa za loya, masiku amene wekishopu idzakhale opanda inu, ndi kasitomala amene mwataya. Nambala imeneyo ndiyo malire anu. Akakupatsani zoposa pamenepo landirani, zochepera kanani. Nambalayo ikhale m'thumba mwanu, asaione.

Wazitsulo

Akulu, ine ndithire madzi ozizira pang'ono, poti apa onse akuyamikira. Zokambirana zimayenda ndi munthu amene akufuna kulipira koma wapanikizika. Kwa munthu amene sakufuna, ndi mphasa yogonapo.

Ndimagulitsa zitsulo zomangira. Kontilakitala wina anatenga katundu pangongole, nthawi yolipira itakwana anayamba kuti zitsulo zina zinali zadzimbiri. Ndinavomera mkhalapakati. Tsiku loyamba sanabwere, akuti kwagwa zovuta. Lachiwiri anatuma mnyamata amene chilichonse amayankha kuti “ndikafunse abwana”. Lachitatu anabwera yekha, waulemu kwabasi, tinagwirana chanza, tinasaina kuti azilipira mwezi ndi mwezi. Analipira kamodzi. Pomwe ndimadzidzimuka, miyezi 8 yapita, kampani yake yatsekedwa, magalimoto alembetsedwa m'dzina la kampani ina. Pepala langa ndikadali nalo mu drowa, ndi loyera bwino.

Sindikuti musapite. Koma ikani tsiku lomaliza, mwachitsanzo masiku 30, likadutsa samani inyamuke, ndipo iwo adziwe zimenezo. Auzeni kuti pabwere munthu amene amasaina macheke, osati wotumidwa. Ndipo muwayese ndi ichi: akudandaula madrowa 9, nanga madesiki ena amene alibe vuto akukaniranji kulipira? Alipire gawo limene palibe mkangano musanakhale pansi. Amene ali ndi mtima wolipira amapereka kangachepe. Mu mgwirizanowo mulembe kuti akaphonya mwezi umodzi ngongole yonse ikhale yofunika nthawi yomweyo, ndi chiwongoladzanja. Ngati n'kotheka, mwini kampaniyo asaine kuti kampani ikalephera adzalipira iye mwini. Ine chimenecho ndi chimene sindinachite. Komanso madesiki 40 aja asatuluke pakhomo ndalama isanalowe, ndicho chikole chokha muli nacho.

Mayi wa Mathiraki

A Wazitsulo akunena zoona pa za munthu wosaina macheke. Ine zinandiyendera chifukwa mkhalapakati anakana kuyamba mpaka manijala mwini wake atafika. Ndiwonjezere kuti ndalama ya mkhalapakati mugawane pakati. Mukalipira nokha, iwo sadzamukhulupirira, komanso munthu amene sanatulutse kanthu sachedwa kujomba. Ndipo musankhe munthu amene nonse mwamuvomera, osati mnzanu wa kutchalitchi kapena mlamu wa bwana wawo.

Kalipentala77

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Dzulo ndinalimba mtima n'kuimbira mkulu wogula katundu pa kampanipo, amene tadziwana zaka zonsezi. Za vanishi sindinazitchule. Ndinangoti ndikufuna kubwera Loweruka kudzakonza madrowa 9 aja mwaulele, kaya alipira kaya salipira, poti dzina limene lili pa madesikiwo ndi langa. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Bambo, vuto si inu.” Mayi wa Mathiraki munalasa. Nthambi yatsopano imene madesiki 40 amakalowa anaiimitsa, ndipo iye analamulidwa kuti apeze njira yochepetsera oda. Ndiye anapeza vanishi wanga.

Mtima unandipweteka, koma pano ndikudziwa chimene ndikulimbana nacho. Loya walemba kalata yopempha mkhalapakati, yokhala ndi mawu aja pamwamba ndi malire a masiku 30, komanso yoti wamkulu wa zachuma akhalepo. Tapemphanso kuti alipire madesiki 23 amene alibe dandaulo la madrowa tisanakumane. Maganizo anga ndi oti pa 40 otsalawo atengeko 20 okha n'kumalipira pang'onopang'ono, enawo ndigulitse kwina. Pali sukulu ya makompyuta imene inafunsapo mwezi watha, ndinaikaniza poganiza kuti ali ndi eni ake.

Funso limodzi kwa a Mlembi: chitini cha vanishi chija ndipite nacho ku zokambirana, kapena ndiwachititsa manyazi pachabe?

Mlembi wa kwa Loya

Pitani nacho, koma chisiyeni m'galimoto. Mukakhala awiri ndi mkhalapakati mumuuze kuti chilipo, pamodzi ndi mapepala amene anasaina polandira katundu. Akaumirira za mtundu, iye ndi amene adzadziwe nthawi yoti mukachitenge.