Zitsamba zofinyira m'maso kuno ku Joni, tithandizeni mayina ake

Abale ndi alongo okhala mu Johannesburg, ndani akudziwa zitsamba zimene anthu athu amafinyira m'maso mwa ana osaona usiku chifukwa cha retinitis pigmentosa, matenda otengera kumtundu? Vutoli lili kuseri kwenikweni kwa diso, komwe madzi a masamba safika. Madziwo amatha kupsereza galasi la kutsogolo kwa diso n'kulowetsa fangasi, tizilombo toyambitsa matenda. Chilondacho chikapola chimasiya chipsera choyera, mwana n'kusiya kuona ngakhale masana.

Tikufuna dzina la chomeracho, kaya amagwiritsa muzu kapena tsamba, ndi kakonzedwe kake. Amene muli nacho, umitsani nthambi yamaluwa pakati pa nyuzipepala, osati m'pulasitiki, chifukwa imaola ndipo sitingathe kuizindikira. Ngati diso lafiira kale, musadikire, pitani naye mwanayo ku St John Eye Hospital ku Soweto.