Kodi paki ya boma ingatsekedwe chifukwa cha bajeti?

Mwana wa ku Dedza, Saint Paul:
Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku America. Amayi akubwera mu Julaye, koyamba kukwera ndege, ndipo ndikufuna kukawaonetsa Itasca State Park, paki ya boma la steti yathu ya Minnesota, kumene mtsinje wa Mississippi umayambira. Ndinapitako ndi ana chaka chatha. Mtsinje wotchuka uja pamenepo ndi kamtsinje chabe, anthu amawoloka podumpha pamiyala, nsapato zili m'manja. Ndikudziwa kale zomwe amayi adzanene: "Ndiye umenewu? Linthipe amauposa."

Dzulo tikudya nkhomaliro, mnzanga wa kuntchito, mbadwa ya konkuno, anandiuza kuti ndisathamangire kulipira malo ogona chifukwa chino ndi chaka cha bajeti, ndipo aphungu akalephera kumvana mapaki amatsekedwa. Ndinangoseka. Nkhalango imatsekedwa bwanji? Mitengo imalandira malipiro kodi? Koma iye nkhope ili gwa, sanaseke. Amene mukudziwa ndithandizeni ndisanataye ndalama.

aNachisale, Minneapolis:
Achimwene, mnzanuyo sanakunamizeni. Ine zinandionekera mu 2011. Minnesota imapanga bajeti ya zaka ziwiri, ndipo chaka cha ndalama chimayamba pa 1 Julaye. Chaka chimenecho boma linali ndi chipereweru cha madola pafupifupi 5 biliyoni. Bwanamkubwa Mark Dayton ankafuna kukweza msonkho kwa anthu opeza bwino kwambiri, aphungu a Republican omwe anali ambiri m'nyumba ya malamulo anakana, ndiye tsiku linakwana popanda bajeti. Boma linayima kuyambira pa 1 mpaka pa 20 Julaye, ndipo ogwira ntchito pafupifupi 19,000 anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba.

Mitengo silandira malipiro, n'zoona, koma wotsegula geti amalandira. Wotsuka zimbudzi, wotola zinyalala, woyang'anira madzi, woonetsetsa kuti moto wa anthu ogona m'matenti usalowe m'tchire, onsewa ndi a boma. Ife tinali titasungitsa malo ku paki ina cha kumpoto, tenti yobwereka, nyama yothira kale zokometsera m'kabokosi ka ayezi. Tinaiwotchera kuseri kwa nyumba, ana akulira. Ndalama za malo tinabwezeredwa, koma tchuthi chomwe bambo awo anapempha kuntchito chinapita chomwecho.

Si mapaki okha. Malo opumira m'mbali mwa misewu ikuluikulu anatsekedwa, ziphaso zowedzera nsomba sizinkagulitsidwa, ndipo mabala ena anayamba kudandaula kuti mowa uwathera chifukwa makhadi awo ogulira mowa kwa ogulitsa akuluakulu anatha ntchito, wowakonzera atsopano kulibe. Ine ndimati anthu anayamba kukwiya zenizeni nkhani itafika pamowa. Pomaliza anagwirizana zochedwetsa ndalama zina zopita kumasukulu ndi kubwereka potsamira ndalama zomwe makampani a fodya amalipira boma. Msonkho uja sunakwere.

Langizo langa: sungitsani malo, koma muzitsatira nkhani kuyambira Meyi. Bajeti ikasainidwa Juni asanathe, palibe choopa.

Che Jersey, Newark:
Kwathu kuno ku New Jersey zinachitika mu 2017, masiku atatu okha, koma zinagwera pa sabata ya tchuthi cha 4 Julaye pamene aliyense amathamangira kunyanja. Mkangano unali wa Bwanamkubwa Chris Christie ndi aphungu, wokhudza kampani ya inshuwalansi ya zaumoyo ya Horizon, zosakhudzana n'komwe ndi mapaki. Island Beach State Park inatsekedwa, apolisi akubweza magalimoto pageti. Pa 2 Julaye wojambula wa nyuzipepala anadutsa pandege n'kujambula bwanamkubwayo atakhala pampando pamchenga ndi banja lake, gombe lonse lili mbee, opanda munthu wina. M'pakimo muli nyumba ya boma ya bwanamkubwa, ndiye iye ankati ali kwawo. Atafunsidwa anati sanawothe dzuwa tsikulo, ndipo zithunzi zitatuluka mneneri wake anati n'zoonadi chifukwa anavala kapu. Mpaka lero anthu akaona mpando wa kugombe amamukumbukira.

Chinanso achimwene, musasokoneze mapaki a steti ndi a boma lalikulu la ku Washington. Mapaki a boma lalikulu monga Yellowstone ndi Grand Canyon anatsekedwa mu Okutobala 2013 pomwe aphungu a ku Congress anakangana boma n'kuyima kwa masiku 16, koma ambiri a steti anali otsegula. Itasca ndi ya Minnesota, ndiye yang'anirani za ku Saint Paul komweko.

Malume a ku Sacramento:
Ine pankhani ya kuti "ndalama palibe" ndinasiya kukhulupirira msanga. Mu 2011 California inalengeza kuti itseka mapaki 70 mwa 278 kuti ipulumutse madola 22 miliyoni. Anthu anasonkha, mabungwe ongodzipereka anatenga mapaki ena kuti aziyendetsa okha. Mu Julaye 2012 kunadziwika kuti nthambi ya mapaki inali ndi madola pafupifupi 54 miliyoni omwe sankaoneka m'malipoti opita ku nthambi ya zachuma. Mkulu wa nthambi ya mapakiyo, Ruth Coleman, anatula pansi udindo, ndipo zotseka zija zinaimitsidwa. Amene anasonkha aja anakwiya koopsa.

Mphwanga, amayi mupite nawo basi. Mukawagulire mankhwala a udzudzu, chifukwa wa kumpoto kwa Minnesota mu Julaye sunyengerera mlendo, ngakhale ulibe malungo.

Mwana wa ku Dedza:
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ndasungitsa masiku awiri pakati pa Julaye, ndipo ndafunsa kaye za kubweza ndalama ndisanalipire. aNachisale, geti ikadzatsekedwa tibwera kwanu ndi nyama yathu, mukonzeretu makala. Za udzudzuzo amayi sindiwauza, angakane kubwera.