Ma adrenal a makoswe anga akula, ndi mankhwala kapena ndi stress chabe?

Nachisale_lab:
Anzanga ndithandizeni. Ndangomaliza study ya masiku 28 pa makoswe a mu labu a mtundu wa Wistar, timawamwetsa mankhwala azitsamba tsiku lililonse, madozi atatu. Titawang'amba tapeza kuti a dozi yayikulu ma adrenal awo, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso tija, akulemera kuposa a control, amene sitinawamwetse mankhwala. A supervisor akuti ndingolemba kuti mankhwalawa amawononga adrenal koma mtima wanga ukukana, makoswe amenewo anasiya kudya bwino sabata yachitatu ndipo anaonda zedi. Ndilembe chani?

Mdala_wa_Histo:
Musathamange achemwali. Thymus, kachiwalo ka chitetezo cha thupi ka pachifuwa kaja, munayeza? Wasayansi Hans Selye anaziona kale izi mu 1936, khoswe ukamuzunza ndi chilichonse kaya kuzizira kaya poizoni, adrenal imakula, thymus imafota, m'mimba mumatuluka zilonda. Ndiye ngati thymus yanu yafota komanso makoswe anaonda, ine ndikubetcha kuti ndi stress, ACTH, homoni yolamula adrenal, inakwera n'kumakankha cortex, mbali yakunja ya adrenal, kuti igwire ntchito usiku ndi usana. Komanso onetsetsani masamu anu, khoswe akaonda ndiye inu mukagawa kulemera kwa adrenal ndi kulemera kwa thupi nambala imakwera yokha ngakhale kachiwaloko sikanasinthe.

Chimzy88:
Ine funso langa ndi lophweka, aamuna ndi aakazi munawasiyanitsa? Pa makoswe aakazi amakhala ndi adrenal yayikulu kuposa aamuna, mukawasakaniza basi mwadzisokoneza nokha. Komanso mafuta ozungulira kachiwaloko, kamakhala ka mamiligalamu ochepa chabe, wina akamasenda mwaulesi sikelo imanama. Ine zinandionekera, ndinabwereza ntchito yonse.

Mdala_wa_Histo:
Zoona Chimzy. Koma tisawatsutse a supervisor msanga, pali mankhwala ngati ketoconazole amene amatsekereza kapangidwe ka mahomoni a mu adrenal, thupi likaona kuti achepa limathira ACTH wambiri ndipo adrenal imakulanso chimodzimodzi. Kusiyana kwake mukuona pa slide. Adrenal ya stress maselo a zona fasciculata, gawo lapakati la cortex, amakula koma mafuta amkati amatha, pomwe ya mankhwala otsekereza aja maselo amadzadza timabowo ta mafuta. Mukaona maselo akufa komanso magazi otayikira mkati ngati zimene kemikolo ya DMBA imachita pa makoswe, apo ndiye poizoni weniweni. Ngati munasunga plasma, madzi a m'magazi aja, yezani corticosterone, homoni ya stress ya khoswe, osati cortisol ya anthu, khoswe si munthu, kit ya cortisol mungotaya ndalama.

Chimzy88:
Ndipo wina asakuopsezeni ndi za pheochromocytoma, zotupa za medulla (mkatikati mwa adrenal) zija zimapezeka kwambiri pa makoswe okalamba mu ma study a zaka 2, osati pa masiku 28.

Nachisale_lab:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Onse anali aamuna, thymus ili mu formalin, mankhwala osungira ziwalo, koma sitinayeze kulemera, eish. Plasma ilipo mu freezer. Mawa ndikadula ma slide a adrenal ndi thymus yomwe, a supervisor ndiwauza adikire kaye.