Ndiyambire pati kuphunzira kuyeza matenda a kachewere mu labu?

Wofunsa, Bembeke: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Digiri ya zaulimi ndili nayo, koma za mu labu ndimangozidziwira m'buku. Ndikufuna kufufuza matenda ofota a kachewere kuyambira kuno ku Bembeke mpaka ku Tsangano. Kodi ndiyambe ndi kuphunzira PCR, njira ya mu labu yopezera kachilombo poyeza DNA yake? Masampulo ndiziwatenga bwanji kuti akafike ali abwino? Nanga maphunziro otere amapezeka kuti?

Katswiri wa matenda a mbewu: Achimwene, PCR isiyeni kaye, yambani ndi tambula ya madzi. Dulani tsinde la mbewu yofota pafupi ndi nthaka, kachidutswa ka masentimita 5, muviike nsonga yake m'madzi oyera osawagwedeza. Ngati ndi Ralstonia solanacearum, bakiteriya woyambitsa matenda ofotawa, pakangopita mphindi zochepa muona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika pansi. Mukadula kachewere pakati n'kufinya, mzere wozungulira wa mkati uja umatulutsa mafinya. Mpeni muziupukuta ndi ethanol wa 70 peresenti mukatha mbewu iliyonse, apo ayi sampulo ya munda wabwino idzatuluka ngati yodwala.

Koma vuto la kwanuko ndi kuzizira. M'malo okwera ngati Dedza kachilomboka kamatha kukhala m'kachewere osaonetsa chizindikiro chilichonse, mbewuyo n'kukafotera kumalo otentha komwe yagulitsidwa. Ndiye musamangotola zofota zokha. Tengani kachewere wooneka wabwino m'munda uliwonse, mumusunge pamalo ofunda, madigiri 28 mpaka 30, kwa masabata atatu kapena anayi, kenako mudule. Funso lenileni la kafukufuku wanu lili pamenepo.

Wogwira ntchito mu labu: Ndiwonjezerepo za kanyamulidwe, poti masampulo ambiri amafera m'njira. Pali mitundu iwiri, musaisokoneze. Ngati mukufuna kumeretsa bakiteriya, tsinde lifike lili laliwisi pasanathe masiku awiri. Likulungeni m'pepala louma, muike m'bokosi lozizira, koma ayezi asaligunde. M'jumbo yomanga padzuwa limachita thukuta, tizilombo tina n'kuswana kuposa komwe mukufuna. Pa mbale ya TZC, yomwe ndi chakudya chomeretsera bakiteriya mu labu, pakatha maola 48 pa madigiri 28, Ralstonia wamphamvu amatuluka woyenderera, woyera m'mbali, pakati pofiirira pang'ono.

Ngati ndi masamba ochotsamo DNA, aumitseni ndi silica gel (timibulu toyamwa chinyezi) wolemera kakhumi kuposa masambawo, m'botolo lotseka bwino. Silica gel akasintha mtundu, ikani wina. Mukadzafika pa CTAB, mankhwala ochotsera DNA m'masamba, madigiri ndi 65, ndipo DNA yoyera imawerengeka pafupi ndi 1.8 pa muyeso wa 260/280. Nambalayi ikatsika kwambiri, PCR imakana ngakhale makina ali bwinobwino.

Kalembedwe: pensulo, osati bolopeni. Nambala ya sampulo, tsiku, mudzi, GPS, mtundu wa kachewere, ndi komwe mlimi anagula mbewu.

Mlangizi, Ntcheu: Funsaninso chomwe chinadzalidwa m'mundamo zaka zitatu zapitazo. Tomato ndi fodya amasunga matenda omwewo. Ndipo musasokoneze ndi chiwawu, icho chimayambira mawanga pamasamba kukachita chifunga.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Ndiye minda ingati kuti zotsatira zikhulupirike?

Mphunzitsi wa kafukufuku: Nambala yokha si nkhani, nkhani ndi kasankhidwe. Mukatsata minda ya m'mbali mwa msewu wa M1 kapena yomwe alimi adandaula, matenda adzaoneka ochuluka kuposa mmene alili. Pezani mndandanda wa alimi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA), musankhe mwa maere, m'munda muziyenda mopingasa. Wa masamu a kafukufuku mukumane naye musanapite kumunda, osati mutabwerako. Phunzirani pulogalamu ya pakompyuta yowerengera zotsatira yotchedwa R, ndi yaulere.

Za komwe mungaphunzire, ine ndisiyana pang'ono ndi amene amathamangira kunja. Yambani pafupi. Ku Bembeke komweko kuli siteshoni ya kafukufuku ya boma. Pemphani kuti muzithandiza pa minda yawo yoyeserera. Ntchito ya mu labu kafunseni ku Bvumbwe, ku Chitedze ndi ku Bunda. Bungwe la padziko lonse lofufuza za mbatata la CIP nalonso limagwira ntchito ya kachewere m'dziko muno.

Mukakhala ndi zotsatira za nyengo imodzi m'manja, ndiye mulembere kunja. Labu ya BecA-ILRI Hub ku Nairobi inaphunzitsa asayansi ambiri a mu Africa kudzera m'thumba la ABCF, ndipo ankayang'ana munthu amene ali pansi pa bungwe la kafukufuku kapena yunivesite. RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa zaulimi, imathandiza za digiri ya masitazi, pomwe bungwe la AWARD limaika mtima pa asayansi achizimayi, achemwali amene mukuwerenga mudziwe. Pa pempho lanu musalembe kuti "ndikufuna kuphunzira PCR". Lembani kuti mukufuna kudziwa kuchuluka kwa matenda obisika m'mbewu ya kachewere yochokera ku Dedza ndi Ntcheu.

Wogwira ntchito mu labu: Musaiwale kuti sampulo siituluka m'dziko popanda zikalata: chilolezo cha dziko lomwe ikupita, chikalata cha zaumoyo wa mbewu, ndi pangano pakati pa mabungwe awiriwo. Zimatenga nthawi, yambani kuzilondola msanga.

Wofunsa: Ndamva bambo. Silica gel ameneyu mumamugula kuti ku Lilongwe?